Sefa ya Mafuta a Galimoto ndi Kasinthidwe Kake

M'phunziro lathu la sayansi lero tikambirana za kanthu kakang'ono kamene kamapezeka m'galimoto, m'thirakita ndi m'injini ya cigayo, koma ambiri a inu simunakaonepo. Amakanika amati fyuluta. Ife tiziti sefa ya mafuta, pakuti nchito yake ndi yofanana ndi ya sefa imene amai anu amasefera ufa. Aphunzitsi, lembani mau awa pa bolodi kuti ana awakopere m'makope mwao: sefa, dizilo, petulo, thanki, pampu, injekita.

Ulendo wa ku Mkaika

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa Ogasiti, Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Kumeneko mafumu amapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi. Atsamunda analetsa mwambowu mu 1934, ndipo unayambanso mu 1984. Inu amene munapitako mudziwa mmene galimoto zimaculukira pa nthawiyo, ndiponso mudziwa fumbi la mwezi wa Ogasiti, limene limalowa m'maso, m'mphuno ndi m'zovala.

Caka cina ndinakwera lole yocokera ku midzi ya kufupi ndi Sinda, imene inanyamula amai ovina pamodzi ndi ng'oma zao. Ena anali ndi makanda kumbuyo. Titayenda pang'ono, lole inayamba kufooka. Pa malo osalala inali kuyenda bwino, koma titafika pa citunda inayamba kudukiza-dukiza ngati munthu wa befu, ndipo potsiriza inazima. Dzuwa linali litapendeka, mudzi unali patali, ndipo nyimbo zonse zinatha m'lolemo.

Woyendetsa anali bambo wacikulire, ndipo wom'thandiza anali mwana wa mlongo wao. Atatsegula ku injini, bamboyo anapeza kuti sefa ya mafuta yatsekeka. Mnyamata uja anati, "Amalume, tingoiboola ndi msomali kuti mafuta azipita, anthuwa angagone m'njira." Koma amalume ake anapukusa mutu nati, "Iwe, ukaboola sefa lero, mawa udzagula pampu. Kanditengere katoni iri kuseri kwa mpando." M'katonimo munali sefa yatsopano. Ola lisanathe tinali paulendo, ndipo amai aja anafika ku Mkaika nthawi iri bwino.

Tisananyamuke, bamboyo anakhuthulira m'botolo zimene zinali m'sefa yakale ija. Pamwamba panayandama dizilo, pansi panakhala madzi, ndipo pansi penipeni panadikha matope ofiira. Anandiuza kuti masiku apitawo anagula dizilo wa m'diramu m'mbali mwa mseu. Sungani botolo limeneli m'maganizo mwanu, cifukwa phunziro lathu lonse liri m'menemo.

Njira imene mafuta amayenda

Injini ya dizilo inapangidwa ndi katswiri wa ku Germany dzina lake Rudolf Diesel, ndipo inayamba kugwira bwino nchito mu 1897. Injini imeneyi siifuna moto woyatsira. Imapanikiza mpweya mwamphamvu kufikira utatentha kupitirira madigiri 500, ndipo pamenepo dizilo amafayidwa m'mpweya wotenthawo, nayaka yekha. Kuyaka kumeneko ndiko kumakankha zitsulo za m'injini kuti mawilo azungulire kapena kuti cigayo cigaye.

Kuti afike kumeneko, dizilo amacoka m'thanki, nadzera m'paipi, nalowa m'sefa. Akatuluka m'sefa amalowa m'pampu, ndipo pampuyo imam'kankhira ku ma injekita. Injekita ndi kacitsulo kokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri, timene timamwaza dizilo kuti akhale ngati nkhungu. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa mphamvu pafupifupi mabaa 2, koma m'injini za dizilo zamakono mafuta amapanikizidwa kufikira mabaa 2,000. Kuti zimenezi zitheke, zitsulo za m'pampu ndi za m'injekita zimasulidwa mogwirana kwambiri, kotero kuti ngakhale tsitsi silingalowe pakati pake. Kamcenga kakalowa pamenepo kamapala zitsulozo monga mmene mcenga umapalira poto potsuka. Madzi akalowa amabweretsa dzimbiri, ndiponso amacotsa kuterera kumene dizilo amapereka ku zitsulozo. Pampu ndi ma injekita ndi za mtengo wapatali, ndipo munthu wa kumudzi sangazikonze pansi pa mtengo. Sefa ndi yotsika mtengo, ndipo munthu wosamala angathe kuisintha yekha.

Kodi litsiro limacokera kuti?

Dizilo amayenda ulendo wautali asanafike ku Katete. Paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968, imacokera ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania kufika ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710. Kwa zaka zambiri inali kunyamula mafuta okayengedwa ku Indeni, koma kuyambira mu 2023 imanyamula dizilo woyengedwa kale. Kucokera m'nkhokwe zazikulu, mafuta amanyamulidwa ndi mathanka pa mseu kufikira pa malo omwetsera galimoto. Kwa ife a kumidzi ulendowu suthera pomwepo ai. Mwini cigayo amatenga cigubu, nakagula dizilo pa boma, nam'nyamula pa njinga kapena pa ngolo m'njira ya fumbi. Nthawi iriyonse pamene mafuta atsanulidwa kucoka m'cotengera cimodzi kulowa m'cina, litsiro limapeza mpata.

Litsiroli liri la mitundu itatu. Loyamba ndi fumbi, limene limalowa pa cigubu cosatseka bwino, pa fanelo yakuda, kapena pa thanki yotsekedwa ndi nsanza m'malo mwa citsekero cake. Laciwiri ndi dzimbiri, limene limasupuka m'kati mwa diramu kapena thanki yakale. Lacitatu ndi madzi. Ena amalowa ndi mvula, koma ena amabadwira m'thanki momwemo. Munaonapo mame pa udzu m'mawa m'miyezi ya Juni ndi Julaye. M'thanki yosadzaza mumakhala mpweya, ndipo usiku kukazizira, cinyezi ca m'mpweyawo cimasanduka timadontho pa makoma a thankiyo, n'kutsikira m'mafuta.

Madzi sasakanikirana ndi dizilo, ndiponso ndi olemera kuposa iye. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840. Ndico cifukwa cake m'botolo lija madzi anakhala pansi. Opanga masefa anagwiritsa nchito nzeru yomweyi. Masefa ambiri a dizilo ali ndi malo pansi pake pamene madzi amasonkhana, ndiponso kampopi kotulutsira madziwo. Galimoto zina ziri ndi kanyali kamene kamayaka kutsogolo kwa woyendetsa madziwo akaculuka.

M'kati mwa sefa

Sefa ya mafuta imaoneka ngati kacitini. M'kati mwake muli pepala lapadera lopindidwa-pindidwa kambirimbiri, kuti pepala lalikulu likwane m'malo aang'ono. Mafuta amadutsa m'timipata ta pepalalo, koma litsiro limatsalira. Timipatato timayesedwa ndi muyeso wocepa kwambiri, dzina lake maikuloni. Tengani rula yanu, muyang'ane milimita imodzi. Mukaigawa m'zigawo 1,000, cigawo cimodzi ndiye maikuloni imodzi. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi maikuloni 70. Sefa yabwino imagwira tinthu ta maikuloni 10, ndipo ya injini zamakono imagwira ta maikuloni 5 kapena kucepera apo. Tinthu totere diso silingatione. Cotero dizilo angaoneke woyera mbee m'botolo, koma ali ndi litsiro lokwanira kuononga pampu.

Tsono mvetsetsani mfundo iyi, pakuti ndiyo yaikulu m'phunziro lathu. Sefa ikatsekeka, ndiye kuti yagwira nchito yake mokhulupirika. Litsiro lonse limene liri m'menemo likadalowa m'injini. Munthu woboola sefa kapena wolambalalitsa paipi kuti mafuta asadzeremo amafanana ndi mai amene wang'amba sefa ya ufa kuti asefe msanga. Ufa udzatsika mofulumira ndithu, koma misere ndi timiyala zidzatsikira limodzi, ndipo amene adzavutika ndi mano a odya nsimayo. Kutsuka sefa ya pepala ndi petulo kapena kuipopera mpweya sikuthandizanso, cifukwa pepalalo limang'ambika mosaoneka. Mankhwala a sefa yotsekeka ndi sefa yatsopano basi.

Zizindikiro za sefa yotsekeka

Injini ya sefa yotsekeka iri ngati munthu wogwira nchito ndi njala. Ikamalira galimoto itaima, imafuna mafuta pang'ono, ndipo imamveka ngati iri bwino. Ikafika pa citunda kapena ikasenza katundu wolemera, imafuna mafuta ambiri, koma sefa siilola kuti apite okwanira. Pamenepo galimoto imafooka, imadukiza, mwinanso imazima. M'mawa imavuta kulira. Cigayo naco cimalira bwino cikakhala copanda kanthu, koma cimatsamwa mukangothiramo cimanga. Zizindikiro zimenezi zingabwerenso ndi matenda ena a injini, koma munthu wanzeru amayamba wayang'ana sefa, popeza ndiyo yapafupi ndi yosadula.

Kuli bwino kusintha sefa isanatsekeke. Buku limene limabwera ndi galimoto limanena makilomita oyenera kuyenda ndi sefa imodzi, ndipo la injini ya cigayo limanena maola. Ku malo a fumbi ngati kwathu kuno, ndiponso kumene mafuta amasungidwa m'madiramu, nthawiyo iyenera kufupikitsidwa.

Kasinthidwe ka sefa ya dizilo

Ana inu, nchito imene ndifotokoze tsopano ndi ya akulu-akulu. Inu muziyang'ana mutaima pambali, ndipo muzifunsa mafunso, pakuti akulu anati safunsa anadya phula. Aphunzitsi, ngati pafupi ndi sukulu yanu pali makanika kapena mwini cigayo, m'pempheni kuti adzaonetse ana sefa yakale ndi yatsopano.

Coyamba ndi kukonzekera. Wosintha akhale ndi sefa yatsopano ya nambala yofanana ndi yakale, pakuti masefa ena amafanana kunja koma amasiyana m'kati. Akhalenso ndi sipanala, lamba womasulira sefa, nsalu yoyera yosathothoka, ndi beseni lolandirira mafuta. Galimoto iime pa malo osalala, opita mphepo koma opanda fumbi louluka. Azimitse injini, acotse kiyi, amange buleki ya pamanja, aike miyala ku mawilo, ndipo adikire kuti injini izizire. Pafupi pasakhale mbaula, nyali ya parafini, kapena munthu wosuta fodya.

Caciwiri ndi kuyeretsa. Asanamasule kanthu, apukute sefa yakale ndi malo onse oizungulira. Ambiri amalumpha mbali imeneyi, ndipo fumbi limene linali kunja limagwera m'njira ya mafuta oyera, kumene kulibenso cina coligwira. Ngati thanki iri pamwamba pa injini, monga pa zigayo zambiri, atseke kampopi ka pansi pa thankiyo.

Cacitatu ndi kucotsa sefa yakale. Aike beseni pansi pake. Ngati pali waya wa kanyali koonetsa madzi, auzule bwino-bwino. Kenaka amasule sefayo pang'ono-pang'ono, naigwira cilili kuti mafuta asatayikire pa injini. Ayang'anitsitse ngati kamphira kozungulira kakale kacoka pamodzi ndi sefayo, cifukwa kakatsalira, tiwiri tidzasanjikizana ndipo mafuta adzadontha. Pa injini zina cigoba ca sefa cimakhala comweco, ndipo cimene cimasinthidwa ndi pepala la m'kati lokha. Pamenepo cigobaco citsukidwe ndi dizilo woyera.

Cacinai ndi kumanga yatsopano. Sefa isatulutsidwe m'katoni mwake kufikira nthawi yoimanga, ndipo isaikidwe padothi. Kamphira katsopano akapake dizilo woyera pang'ono ndi cala. Amange sefayo ndi manja kufikira kamphirako katagunda, ndipo aonjezere monga mwa malangizo olembedwa pa sefayo. Kumanga mwankhanza ndi sipanala kumaphwanya kamphira.

Cacisanu ndi kucotsa mpweya, kumene amakanika amati kubulida. Sefa yatsopano imabwera yodzaza ndi mpweya, ndipo injini ya dizilo siilira mpweyawo ukalowa m'pampu. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Tsekani kukamwa kwa pampu ya njinga ndi cala, mukankhe. Mudzaona kuti mpweya umafinyika n'kubwerera ngati siponji. Mafuta safinyika cotero. Pampu ya dizilo ikakumana ndi mpweya imangoufinya-finya, ndipo ku ma injekita sikufika kanthu. Cotero wosintha atsegule kampopi ka thanki ngati anakatseka, amasule pang'ono kabauti kotulutsira mpweya pamwamba pa sefa, ndipo ayambe kudina kapampu ka pamanja. Poyamba padzatuluka thovu. Apitirize kufikira dizilo atatuluka wopanda thovu, ndipo pamenepo amange kabautiko. Nchito imeneyi imatopetsa dzanja, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Woifulumizira amatha batire poliza injini imene siingalire. Galimoto zina zamakono ziri ndi pampu ya magetsi imene imacotsa yokha mpweya, ndipo buku lake limafotokoza macitidwe ake.

Cotsiriza ndi kuyesa. Apukute mafuta onse otayika, alize injini, ndipo ayang'ane kwa mphindi zingapo ngati pali podontha. Alembe tsiku ndi makilomita m'kabuku kuti adzadziwe nthawi yosinthanso.

Galimoto za petulo

Petulo ndi woopsa kuposa dizilo, cifukwa nthunzi yake imayaka ndi kamoto kocepa kwambiri. Wosintha sefa ya petulo ayambe wacotsa waya wa batire wa cizindikiro ca kucotsera. M'galimoto zambiri za masiku ano petulo amakhala wopanikizika m'paipi ngakhale injini itazima, ndipo angathovukire m'maso ngati mphamvuyo siinayambe yatsitsidwa monga mwa buku la galimotoyo. Sefa ya petulo ya pa paipi imakhala ndi kamuvi, ndipo kamuviko kayenera kuloza kumene mafuta akupita, ndiko ku injini. Galimoto zina zatsopano ziri ndi sefa m'kati mwa thanki, pamodzi ndi pampu. Imeneyo ndi nchito ya makanika wophunzira.

Macenjezo

Munthu asayamwe mafuta ndi pakamwa pofuna kuwakoka ndi paipi, cifukwa akalowa m'mapapo amadwalitsa koopsa. Wina akamwa petulo, dizilo kapena parafini mwangozi, musam'sanzitse. Thamangani naye ku cipatala capafupi, monga ku St Francis kwa inu a ku Katete. Pa injini za dizilo zamakono, mapaipi acitsulo opita ku ma injekita asamasulidwe, ndipo dzanja lisayandikire pamene pakudontha injini irikulira, pakuti mafuta opanikizika amaboola khungu. Mafuta akuda ndi sefa yakale zisatayidwe pafupi ndi citsime, mjigo, dimba kapena mtsinje. Zisungidwe m'cotengera cotseka, kutali ndi ana, ndipo botolo la zakumwa lisagwiritsidwe nchito posungira mafuta.

Pali zinthu zina zimene mungakauze makolo anu kuti sefa ikhalitse. Cigubu ca dizilo cikhale ca dizilo yekha, ndipo cizitsekedwa nthawi zonse. Diramu likangofika, lisiyidwe kuti litsiro lidikhe, ndipo mafuta a pansi penipeni asathiridwe m'injini. Thanki idzazidwe madzulo nchito ikatha, kuti mpweya wobweretsa mame ukhale wocepa. Madzi a pansi pa sefa azitulutsidwa kawiri-kawiri. Ndiponso woyenda ulendo wautali asunge sefa yatsopano m'galimoto, monga anacitira bambo uja wa lole.

Nchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, gawani ana m'magulu, ndipo musagwiritse nchito dizilo kapena petulo m'kalasi. Gulu loyamba lithire madzi ndi mafuta ophikira m'botolo loonekera, likhutchumule, ndipo lidikire kuona cimene cikhale pansi. Gulu laciwiri limange nsalu pakamwa pa citini, lithirepo kapu ya madzi a matope, ndi kuwerenga masekondi amene madziwo atenga kuti adutse. Libwereze kasanu pa nsalu yomweyo, ndi kulemba nthawi zonse zisanu. Potsiriza liboole nsaluyo, lithirenso, ndipo liyerekeze mtundu wa madzi amene atuluka. Kumbutsani ana kuti madzi amenewa si akumwa. Gulu lacitatu lipinde-pinde pepala la m'kope kufikira litakwana m'kapu, kenaka lilitambasule ndi kuyesa kukula kwake.

Mafunso

1. Fotokozani njira imene dizilo amayenda kucokera m'thanki kufika m'injini.
2. Lembani mitundu itatu ya litsiro lopezeka m'mafuta, ndi kumene limacokera.
3. Ngati lita imodzi ya dizilo imalemera magalamu 840, kodi malita 20 alemera makilogalamu angati? Nanga asiyana bwanji ndi malita 20 a madzi?
4. N'cifukwa ninji galimoto ya sefa yotsekeka imafooka pa citunda koma imayenda bwino posalala?
5. Mukadakhala m'lole ija ya ku Mkaika, mukadam'yankha ciani mnyamata amene anafuna kuboola sefa?

Mukapita ku cigayo sabata ino, m'pempheni mwaulemu mwini wake kuti akulozereni pamene pali sefa ya mafuta, ndipo mum'funse kuti anaisintha liti. Zimene adzakuuzani mukazifotokoze m'kalasi. Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana nonse, kufikira tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.